Helemeti ndi kuwawa kwa khosi: chimachitika n'chiyani kwa amene amakhala pa njinga yamoto tsiku lonse?

Pa siteji ya kabaza iliyonse, kaya ndi ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Chibavi, simulephera kuona helemeti, chipewa cholimba chija chotetezera mutu, itakolekedwa pa handulo, mutu wa mwini wake uli pamtetete. Ena amangoikhazika pamwamba pa mutu, lamba ali lende, n'kuitsitsa akaona apolisi kutsogolo. Mukafunsa chifukwa, mayankho ake ndi odziwika kale: imatentha, imanunkha thukuta, imatseka makutu. Koma pali yankho lina limene munthu amalinena osaseka, ndipo ndi la khosi. Akuti ukaivala kuyambira m'mawa, pofika madzulo khosi limakhala litauma, mapewa akuyaka moto, mutu ukuwawira kunkhongo. Ena amafika ponena kuti pangozi helemeti ndi imene imathyola khosi.

Abale athu amene amaperekera anthu zakudya ndi katundu pa njinga ku Johannesburg ndi ku Cape Town, pa Uber Eats, Mr D kapena Checkers Sixty60, alibenso mwayi woikoleka pa handulo. Amaivala maola onse a ntchito, ndipo dandaulo la khosi ndi lomweli. Kuno kwathu ntchito yoperekera katundu pa njinga ikukulanso m'mizinda, ndipo lamulo la pamsewu limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera yemwe avale helemeti.

Pali nkhani ziwiri zimene zasakanikirana pamenepa. Yoyamba ndi yoti kuvala helemeti tsiku ndi tsiku kumapweteketsa khosi. Imeneyi ili ndi choonadi chake, ngakhale kuti helemeti si wolakwa yekha. Yachiwiri ndi yoti helemeti imathyola khosi munthu akagwa. Imeneyi kafukufuku sakuivomereza. Kuti tizisiyanitse bwino, tiyambe taona mmene khosi lilili.

Zimene zili m'khosi

M'khosi muli mafupa 7 osanjikizana, amene madokotala amawatchula kuti C1 mpaka C7. La pamwamba kwambiri, C1, ndi limene chigaza chimakhalapo. Pakati pa C1 ndi C2 ndi pamene pamachitikira pafupifupi theka la kutembenuka konse kwa mutu, monga pocheuka kuona ngati kumbuyo kukubwera minibasi. Mukaweramitsa mutu n'kugwira m'munsi mwa khosi chakumbuyo, fupa lotumphuka limene mukulimvalo nthawi zambiri ndi C7.

Kuchokera pa C2 kutsika m'munsi, pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa kotchedwa disiki, kamene kamaletsa mafupa kukhulana ndiponso kamachepetsa mphamvu ya kugwedezeka. M'kati mwa mafupawa mumadutsa mtsempha waukulu wochokera ku ubongo, ndipo m'mbali mwake mumatuluka timitsempha tolowera kumapewa, m'mikono mpaka ku zala. N'chifukwa chake vuto la m'khosi limatha kumveka ngati dzanzi la m'dzanja.

Chogwirizira zonsezi ndi minofu. Pali mnofu waukulu wochokera kunkhongo, kutsikira m'mapewa mpaka pakati pa msana. Madokotala amautcha trapezius, ndipo ndi umene anthu amakonda kufinya akatopa. Palinso timinofu ting'onoting'ono m'munsi mwenimweni mwa chigaza, ndi ina yobisika kutsogolo, kuseri kwa kholingo, imene ntchito yake ndi kugwira khosi kuti lisapite kutsogolo.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pakati pa makilogalamu 4.5 ndi 5.5. Chofunika kudziwa n'chakuti sunakhazikike pakati penipeni pa khosi. Kulemera kwake kunapendekera kutsogolo pang'ono, moti minofu ya kumbuyo imakhala ikukoka nthawi zonse munthu akakhala maso. Umboni wake ndi munthu wosinza m'basi: minofu ikangomasuka, mutu umagwera pachifuwa.

Kulemera kwa helemeti, ndi kupendekeka kwa mutu

Helemeti yotseka nkhope yonse, yokhala ndi chotchinga chibwano, kawirikawiri imalemera pakati pa makilogalamu 1.4 ndi 1.8. Yosatseka chibwano imapepukirapo, ndipo ija yotsegula kutsogolo konse n'kukweza m'mwamba imakonda kulemererapo chifukwa cha mahinji ake. Tinene kuti helemeti imawonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu pa kulemera kwa mutu.

Apa wina akhoza kuseka. Mayi amasenza ndowa ya malita 20 kuchokera pa mjigo, omwe ndi makilogalamu 20, ndiye mwamuna wamkulu n'kumadandaula ndi kilogalamu imodzi ndi theka? Funsoli ndi labwino, ndipo yankho lake ndi limene lili pakati pa nkhani yonseyi. Yang'anitsitsani mayi wasenza madzi. Amaika nkhata pakati pa mutu, khosi lili chilili, chibwano chili m'kati, ndipo akafuna kuona kumbali amatembenuka thupi lonse. Kulemera kwa madzi kumatsika molunjika m'mafupa, minofu n'kumangowongolera. Atati aweramitse mutu pang'ono chabe ndowa ili pamutu, sangayende mapazi khumi. Komanso ulendo wake ndi wa mphindi zowerengeka, akafika amatula. (Tisanamizanenso kuti kusenzako n'kwaulere. Amayi ambiri amene asenza madzi ndi nkhuni kwa zaka amadandaula khosi, kungoti madandaulo awo samveka patali.)

Woyendetsa njinga amachita zosiyana ndi zonsezi. Katundu wake ndi wochepa, koma ali pa mutu wopendekera kutsogolo, umene ukucheuka kosalekeza, ukugwedezeka, ndipo satula kwa maola ambiri. Mutu ukamasunthira kutsogolo kwa mapewa, minofu ya kumbuyo imafunika kukoka mwamphamvu kuposa kulemera kwenikweni kwa mutuwo, chifukwa imagwira pafupi kwambiri ndi mafupa pomwe katunduyo ali patali.

Mu 2014, dokotala wa za msana wa ku New York, Kenneth Hansraj, anawerengera zimenezi pa kompyuta. Anapeza kuti mutu ukaweramira madigiri 15, khosi limamva ngati lanyamula makilogalamu 12. Pa madigiri 30 ndi makilogalamu 18, pa madigiri 45 ndi 22, ndipo pa madigiri 60, monga mmene munthu amaweramira poyang'ana foni ili pamiyendo, ndi makilogalamu 27. Manambalawa anachokera pa kuwerengera, osati kuyeza anthu, choncho si oti n'kuwalumbirira. Koma chimene akusonyeza n'chosatsutsika, kuti kuwerama kumachulukitsa katundu kangapo. Ndipo kuwerengeraku kunali kwa mutu wopanda helemeti. Mukaikapo helemeti, nayonso imachulukitsidwa chimodzimodzi.

Asilikali oyendetsa ndege za helikopita analiona kalekale vutoli. Usiku amamangirira kutsogolo kwa helemeti zipangizo zoonera mumdima, ndipo kuwawa kwa khosi ndi dandaulo lodziwika pakati pawo. Chimene ambiri amachita n'chodabwitsa mukangochimva koyamba. Amawonjezera kachitsulo kolemera kumbuyo kwa helemeti kuti kulemera kubwerere pakati. Katundu amachuluka, koma mutu sukokedwanso kutsogolo. Kwa woyendetsa njinga, tanthauzo lake n'lakuti helemeti yolemererapo koma yokhala bwino pamutu ikhoza kukhala yabwino pakhosi kuposa yopepuka imene ikugwera kumaso. Kamera, tochi kapena foni yotsinikizidwa m'kati mwa helemeti pakhutu, zonsezi zimasokoneza kukhazikika kumeneku.

Kakhalidwe ka panjinga

Njinga zimene zafala pa ntchitoyi, monga Boxer, TVS, Lifan ndi zinzake, zinapangidwa moti munthu azikhala mowongoka. M'mawa zimatheka. Koma thupi likatopa, msana umapindika, mapewa amabwera kutsogolo, ndipo kuti maso aonebe msewu, chibwano chimatukuka n'kutsogola. Zikatero, m'munsi mwa khosi mwaweramira kutsogolo pomwe pamwamba pake papindikira kumbuyo. Timinofu ta m'munsi mwa chigaza tija timakhala titakungika osamasuka. Mnofu umene wakungika nthawi yaitali, ngakhale pang'ono chabe, sulandira magazi mokwanira, ndipo umayamba kuwawa. Mutu uja woyambira kunkhongo, n'kukwera mpaka pamwamba pa diso, nthawi zambiri umachokera pamenepa.

Katundu wa kumbuyo amawonjezera vutoli. Wakabaza akanyamula anthu awiri, kapena thumba la chimanga ndi mwini wake yemwe, iye amakankhidwira pa thanki, zigongono zitapindika, mapewa atakwera mpaka m'makutu. Woperekera zakudya amene amabereka chikwama chachikulu kumsana ali ndi vuto lakelake, chifukwa malamba a chikwamacho amakanikiza mnofu womwe uja wa m'mapewa umene ukulimbana kale ndi mutu. Bokosi lomangidwa pa njinga limachotsa katunduyu pathupi, bola lisamangidwe motsogola kwambiri moti munthu n'kusowa pokhala.

Ndiye pali foni. Pa ntchito yoperekera katundu, oda imabwera pafoni, njira imaonedwa pafoni, kasitomala amaimba pafoni. Foni ikamangidwa m'munsi pafupi ndi thanki, munthu amaweramitsa mutu ndi helemeti yomwe kambirimbiri pa ulendo umodzi. Choipa kwambiri ndi nthawi yodikira. Pitani panja pa sitolo kapena malo odyera pamene oda zimachuluka, muona anyamata atakhala pa njinga zawo, helemeti zili kumutu, ataweramira mafoni. Amati akupuma, koma khosi likugwira ntchito yoposa imene linagwira pamsewu.

Mphepo ndi mabampu

Mphamvu ya mphepo yokankha helemeti simakwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya mphepo imawirikiza kanayi. Munthu wothamanga makilomita 80 pa ola akukankhidwa kanayi kuposa wa makilomita 40. M'katikati mwa tauni zimenezi sizivuta kwenikweni, koma pa M1 kapena pa misewu ikuluikulu ya ku Gauteng, chigawo chimene kuli Johannesburg, zimamveka, ndipo amene amagwira ntchito ku Cape Town amaidziwa mphepo ya kumeneko m'miyezi yotentha. Galasi la helemeti likakhala lotsegula limakola mphepo n'kumakokera mutu kumbuyo. Chimodzimodzinso kadenga kaja ka pa helemeti za njinga zam'tchire. Pocheuka, mbali yonse ya helemeti imakumana ndi mphepo, khosi lili lopotoka.

Mabampu ndiye athuathu. Pa msewu wafumbi wa malata, pa maenje ndi pa mahampu, kugwedezeka kumachokera ku matayala, kudutsa pampando ndi mumsana, n'kukathera kumutu. Thupi la munthu wokhala pansi limavutika kwambiri ndi kugwedezeka kwa maulendo 4 mpaka 8 pa sekondi, chifukwa pamenepo m'malo mokuchepetsa limakukulitsa. Bampu iliyonse imaponya mutu ndi helemeti, minofu n'kuwakha. Mashoko akatha, kapena matayala akapopedwa mopitirira muyezo pofuna kunyamula katundu wolemera, thupi ndi limene limasanduka shoko.

Helemeti yosakwana

Kuona kwanga, vuto lalikulu kuno kwathu lagona apa, ndipo ndi losavuta kukonza kuposa ena onse. Helemeti zambiri sizisankhidwa, zimangobwera ndi njinga, kapena zimagulidwa pamsika poyang'ana mtengo ndi mtundu. Anthu ambiri sadziwa n'komwe kuti zili ndi masaizi.

Helemeti yaikulu imayenda payokha. Pa bampu imatsalira kenako n'kumenya mutu, pocheuka imachedwa kutsatira, ndipo imatsetserekera kumaso. Woyendetsa amatukula chibwano kuti aone pansi pake, ndipo amayenda choncho tsiku lonse osazindikira. Ena amavalira chipewa chaulusi m'kati kuti ithine, zimene zimachepetsa kugwedera koma sizikonza chitetezo chake. Yaing'ono nayo imakanikiza pachipumi ndi kunkhongo n'kuyambitsa mutu.

Galasi lokandika ndi mdani wina amene anthu samuganizira. Fumbi likadzaza, munthu amapukuta ndi mkono wa jekete, ndipo pakapita miyezi galasi limachita mbuu. Usiku magetsi a galimoto akawala, sichioneka chilichonse. Ndiye amalikweza theka, n'kupendeketsa mutu kumbuyo kuti azisuzumira pa kampata ka m'munsi. Galasi latsopano, kapena kutsuka ndi madzi m'malo mopukuta pouma, kukhoza kuchita zimene mapilitsi alephera.

Kuyeza saizi sikufuna zambiri. Tengani tepi ya telala, muzunguze mutu pamwamba pang'ono pa nsidze ndi pa makutu, podutsa pamene nkhongo yatumphuka kwambiri. Kwa opanga ambiri, masentimita 55 mpaka 56 ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L, ndipo 61 mpaka 62 ndi XL. Mukaivala, izigwira masaya ndi mutu wonse mofanana popanda malo opweteka. Igwireni ndi manja awiri n'kuipukusa: khungu la pachipumi liziyenda nayo limodzi. Mangani lamba moti pansi pa chibwano pazingolowa chala chimodzi kapena ziwiri, kenako yesani kuikoka kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Ikavuka, si yanu.

Pali msampha umodzi. Munthu wovutika khosi amathamangira helemeti yopepuka kwambiri, ndipo pamsika zopepuka kwambiri nthawi zambiri ndi zachabechabe. Chimene chimateteza ubongo si pulasitiki wakunja yekha, koma chinthu choyera cholimba cha m'kati, chofanana ndi chimene amatetezera TV m'katoni, chochindikala masentimita awiri kapena kuposa. Pangozi chimaphwanyika n'kumwa mphamvu imene ikanafika ku ubongo. Helemeti yokhala ndi kasiponji kofewa kokha ilibe ntchito, ndipo chipewa cha omanga nyumba sichinapangidwire ngozi ya njinga. Helemeti zoyesedwa pa muyezo wa bungwe la United Nations, wotchedwa ECE 22.05 kapena watsopano wa ECE 22.06, zimakhala ndi kansalu kosokedwa pa lamba kokhala ndi chilembo E ndi nambala m'kati mwa kabwalo. Za muyezo wa ku America zimalembedwa DOT kumbuyo, koma chomata chimenechi n'chosavuta kubera, choncho gwirani m'kati muone nokha. Helemeti imene yamenyedwapo kwambiri pangozi yatha ntchito ngakhale kunja ikuoneka bwino, ndipo opanga ambiri amalangiza kusintha pakatha zaka pafupifupi 5.

Kodi imathyoladi khosi pangozi?

Maganizo amenewa sanayambire pa siteji. Mu 1986, katswiri wa zachuma wa ku America, Jonathan Goldstein, anafalitsa kafukufuku wonena kuti pa liwiro lina helemeti imachepetsa kuvulala mutu koma n'kuwonjezera kuvulala khosi. Magulu otsutsa lamulo lokakamiza helemeti m'dzikolo anaugwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Akatswiri ena anatsutsa mawerengedwe ake, ndipo kafukufuku wotsatira sanapeze zimenezo.

Mu 2011, madokotala a pa yunivesite ya Johns Hopkins anaunika ngozi za njinga zamoto zoposa 40,000 ndipo anapeza kuti amene anavala helemeti anali ndi chiopsezo chochepa ndi 22 peresenti chovulala mafupa a m'khosi poyerekeza ndi amene sanavale. Pa nkhani ya mutu ndiye palibe mkangano. Bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zaumoyo, linapeza mu 2008 kuti helemeti imachepetsa kuvulala mutu ndi pafupifupi 69 peresenti, ndi imfa ndi pafupifupi 42 peresenti.

Nanga bwanji anthu amaona munthu wovala helemeti atathyoka khosi? Zimachitikadi, chifukwa helemeti inapangidwira mutu, si chotetezera khosi. Pa ngozi yaikulu khosi likhoza kuthyoka, munthu atavala kapena ayi. Kusiyana kwake n'kwakuti wosavala uja amatha kufa ndi bala la m'mutu, ndipo palibe amene amafunsa za khosi lake.

Pamene helemeti imakhaladi yoopsa pakhosi ndi pambuyo pa ngozi, m'manja mwa anthu ofuna kuthandiza. Anthu amathamangira kuivula mokoka, kenako kumunyamula wovulalayo wina manja wina miyendo, mutu ukulendewera, n'kumuponya pa lole. Ngati fupa la m'khosi linasweka, kukoka kumeneko kukhoza kuwononga mtsempha waukulu uja, munthu n'kupuwala moyo wake wonse. Ngati akupuma bwino, tsegulani galasi lokha, helemeti muisiye, wina agwire mutu kuti usagwedezeke. Kuivula kumafunika pokhapokha ngati sakupuma, akusanza kapena akutsamwa, ndipo pamafunika anthu awiri, mmodzi atagwira khosi.

Ululu wa kutopa, ndi ululu wofuna chipatala

Kuwawa kwa khosi kochuluka kumachokera m'minofu ndi m'malo olumikizira mafupa. Kumabwera madzulo, kumachepa munthu akapuma, ndipo kumatha pakapita masiku kapena milungu yochepa zinthu zikasintha. Sikutanthauza kuti mafupa akuwonongeka, ndipo nthawi zambiri sikufuna ekisireyi.

Koma ululu ukamatsikira m'mkono ngati magetsi, zala zikamachita dzanzi, kapena dzanja likamafooka moti kukoka kilatchi ndi buleki kukuvuta, ndiye kuti mwina mtsempha wapanikizika, ndipo m'pofunika kukaonana ndi dokotala. Pamafunika kusamala pang'ono apa, chifukwa dzanzi la m'zala limathanso kuchokera pa kunjenjemera kwa handulo kapena kufinya kwambiri zogwirira. Wachipatala ndi amene angasiyanitse. Kulephera kumanga mabatani a malaya, kuyenda modzandira, kapena kulephera kusunga mkodzo, ndi zizindikiro zoti mtsempha waukulu uli pa vuto, ndipo zimenezi si zodikira mawa. Chimodzimodzinso kuwawa kwa khosi kumene kwayamba munthu atagwa pa njinga.

Palinso matenda amene sakhudzana ndi helemeti koma munthu akhoza kuinamizira. Khosi louma pamodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza kapena kubalalika ndi zizindikiro za matenda oumitsa khosi, amene amapha msanga. Ululu wosatha ngakhale usiku, pamodzi ndi kuonda ndi kutuluka thukuta pogona, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana.

Zipatala zikuluzikulu monga Kamuzu Central, Queen Elizabeth, Zomba ndi Mzuzu zili ndi madipatimenti a fiziyo, kumene amathandiza ndi masewera olimbitsa ziwalo, ndipo ku Blantyre kulinso Kachere Rehabilitation Centre.

Zimene zimathandiza

Chosafuna ndalama n'kuvula helemeti nthawi iliyonse imene injini yazima. Podikira kasitomala kapena oda, tsikani pa njinga, imirirani, foni muikweze kufupi ndi maso. Mphindi ziwiri zoyendayenda pafupipafupi zimaposa kupuma kamodzi kwa nthawi yaitali. Foni ya pa njinga imangidwe m'mwamba pa handulo kuti muziiona ndi maso okha. Magalasi oonera kumbuyo, amene ambiri amawachotsa ati njinga ioneke bwino, amachepetsa kucheuka kosafunikira, ngakhale kuti kucheuka musanakhote sikungasiyidwe. Handulo nayo imatha kumasulidwa n'kupendeketsedwa pang'ono kuti mapewa atsike ndi zigongono zimasuke.

Pa zonse zimene madokotala ayesa pa khosi lowawa nthawi yaitali, kulimbitsa minofu ndi kumene kuli ndi umboni wabwino. Oyendetsa galimoto za mpikisano wa Formula 1 nawonso amalimbitsa makosi awo mwadala. Njira yosavuta ndi iyi: khalani mowongoka, yang'anani kutsogolo, bwezani chibwano m'kati molunjika kumbuyo osaweramitsa mutu, gwirani masekondi 5, mubwereze ka 10. Zimenezi zimadzutsa minofu yobisika ija ya kutsogolo. Ina ndi kuika dzanja pachipumi n'kukankha ndi mutu pang'onopang'ono osaulola kusuntha, kenako kunkhongo ndi m'mbali zonse ziwiri. Kukokera mapewa kumbuyo ndi pansi kumathandiza msana wa m'mwamba. Zotsatira zake zimaoneka pakapita milungu, osati masiku, ndipo ngati china chikutumiza ululu m'mkono, chisiyeni. Madzulo, kuthowa ndi nsalu ya madzi ofunda kumamasula minofu. Kolala ya m'khosi yongodzigulira siyothandiza pa ululu wamtunduwu, chifukwa minofu ikazolowera kugwiriridwa imafooka. Kupotokola khosi mwamphamvu kuti lilire, makamaka mnzako akamakuchita, ndi masewera osayenera.

Za mapilitsi m'pofunika kunena mosabisa. Panado amathandiza, koma munthu wamkulu asapitirire mapilitsi 8 a mamiligalamu 500 pa tsiku. Bufeni, diclofenac ndi Indocid ndi a gulu limodzi, ndipo kuwaphatikiza sikuwonjezera mphamvu, kumangowonjezera ngozi ya zilonda zam'mimba ndi kuwonongeka kwa impso. Ngoziyi imakula kwa munthu amene amawamwa tsiku lililonse, m'mimba mulibe kanthu, n'kukhala padzuwa osamwa madzi okwanira, amene ndi moyo wa oyendetsa njinga ambiri. Munthu amene sangayambe ntchito asanamwe pilitsi afunika kupimidwa.

Maola ndi ndalama

Malangizo a kupuma ndi osavuta kulemba. Wakabaza amene njinga si yake amayenera kupeza kaye ndalama ya bwana, kenako ya mafuta, zotsalazo ndiye zake. Woperekera katundu kudzera pa foni kawirikawiri amalipidwa pa ulendo uliwonse, ndipo makampani ambiri otere amamutenga ngati wodzilemba yekha ntchito, kutanthauza kuti tsiku limene wagona ndi khosi palibe cholowa m'thumba. Makampaniwo amati dongosololi limapatsa munthu ufulu wosankha yekha maola, pomwe oyendetsa ambiri amayankha kuti ndalama ya pa ulendo ndi yochepa moti ufuluwo umathera pa kugwira maola ochuluka. Kasitomala naye, amene amafuna chakudya chake chifike chotentha, ali m'gulu la okankha.

Eni njinga ali ndi gawo lawo pa zinthu zing'onozing'ono zimene zatchulidwa kale. Mashoko, matayala, galasi la helemeti ndi bokosi lonyamulira katundu nthawi zambiri ndi iwo amene amagula. Pamene njinga imodzi imayendetsedwa ndi anthu awiri mosinthana, wina masana wina usiku, helemeti imakhalanso imodzi, ndipo n'zosowa kuti mitu iwiriyo ikhale ya saizi yofanana. Zikatero m'pofunika helemeti ziwiri, aliyense yake, yoyezedwa ndi tepi.